Nambala ya Bambo Daison

“Sankhani amodzi, achemwali, Mulungu sasokonezeka,” anatero Malume Matiyasi, maso ali kudzuwa.

 Mayi Esteri anangoima pakati pa manda awiri atsopano, mtanda kukhwapa, maluwa kumanja. Mwala utagwa mumgodi wa ku Selukwe, akampani anaika amuna awo, a Daison, pamodzi ndi mnzawo wina mwachangu, banja lisanafike n’kumanda komwe. Pamanda sanalembepo maina, koma tizitsulo ta manambala a ntchito: kena 5040, kena 5046. Kapepala komwe kalaliki wa pamgodi analembapo nambala ya a Daison nako kananyowa ndi mvula, nambala yomaliza n’kufufutika. Ndiye mawa lake sitima yowatengera kwawo ku Nyasalande inali kunyamuka ku Gwelo, poti mkazi wamasiye mukomponi ya antchito a mgodi sakhalitsa.

“Ndikhome mtanda wa amuna anga pa mwamuna wa eni?” Mayi anafunsa. “Ndikauza chiyani apongozi?”

Noria, mwana wawo, ankadziwa za aliyense mukomponimo: amene amaphika mowa mobisa, amene ali ndi akazi awiri. Koma nambala ya bambo ake enieni, imeneyo sanaisunge! Manyazi anamugwira. Kenako anakumbukira mmene bambowo ankadzitamira akamapukuta kachitsulo kawo Lamlungu: “Nambala yanga siyambanitsa anthu. Igawire awiri, atatu, mpaka khumi, palibe wolira.”

Anathyola kamtengo n’kugwada pafumbi.

“Iwe, sitandade thuu yakoyo ndi ya pamanda?” anaseka malume.

“Dikirani, Malume. Inu sukulu munathawira pa kalasi A.”

Anagawa manambala onse awiri pawiri: anatheka. Patatu: anathekanso. Thukuta linayamba kumutsika m’khosi. Bwanji ngati bambo ankangocheza?

“Zikuti bwanji, mwanawe?” Mayi ananong’oneza.

Panayi, 5046 inakana. Anabwereza, inakananso: ziwiri zinatsala pambali ngati alendo osowa mphasa. Koma 5040 inalowa bwinobwino, 1260 aliyense. Noria sanalekere pomwepo. Pasanu, pasanu n’kamodzi, pasanu n’kawiri, mpaka pakhumi, fumbi lonse linadzaza, osatsala kanthu. Apo m’pamene misozi inabwera, yomwe inakana kutuluka tsiku la uthenga wa imfa.

“Ndi awa, Amayi. Ababa ndi awa.”

Malume anavula chipewa. Anatola mwala, nakhoma mtanda uja mosamala, osayang’ananso dzuwa.

“Nanga mnzawoyu ndani?” Mayi anafunsa.

“Akuti ndi wa ku Tete,” anatero Noria akupukuta mphuno. “Analibe mkazi kuno, ngakhale wachibale. Ababa ankamugawira ndiwo.”

Mayi anayang’ana maluwa ali m’manja mwawo. Anawawerenga: asanu ndi awiri. Anaika atatu pa amuna awo, atatu pa mlendo uja. Lotsalalo analizunguza pang’ono m’zala, kenako analing’amba pakati ndi chikhadabo, theka uku, theka uko.