Koleji Yoyang'anizana ndi Chipatala

"Wotsatira!" anakuwa mayi a mu ofesi yolembera ophunzira, maso ali pakompyuta.

Mnyamata uja analowa atapinda kalata m'manja. Anzake ankamutcha Wapawindo, chifukwa m'kalasi ankakhala pawindo loyang'ana kumsewu basi. Tsidya la msewuwo kunali chipatala.

"Ndikufuna kusamuka, mayi. Chaka chatha ananditenga makoleji awiri. Iyi ndi kalata ya koleji inayo, ya zamagetsi."

Mayiwo anaigwira ndi zala ziwiri ngati yanyowa. "Anakutengani kumeneku, inu n'kubwera kudzaphunzira zosunga mafayilo kuno? Achimwene, mutu unkakupwetekani?"

"Amayi anga anagonekedwa tsidya ilo."

"Oo. Pano akupeza bwanji?"

"Tinaika maliro mwezi watha."

Mayiwo anachotsa maso pakompyuta, namuuza kuti akhale pansi.

Kolejiyi sanaisankhe ndi mtima, anaisankha ndi mapazi. Kuchokera pageti kukafika pabedi la amayi ake zinali mphindi zisanu ndi ziwiri. Pakapepala kotsatsa kolejiyo panali udzu wobiriwira ndi ophunzira akuseka atafungatira mabuku. Iye anapeza fumbi. M'kalasi ya anthu makumi anayi ankapanikizana anthu zana, ena atakhala pazidebe, mphunzitsi akuwerenga manotsi achikasu amene ayenera kuti anawalemba iye asanabadwe. Koma zonsezo sizinkamupweteka. Masana aliwonse ankawoloka msewu kukawatembenuza amayi ake, kuwapukuta milomo, ndi kuwanamiza.

"Kukoleji kuli bwanji, bambo wanga?"

"Kokoma, amayi. Mabuku mpaka kudenga."

"Mwamva inu?" ankatero kwa odwala anzawo. "Wangayu akudya mabuku. Anu akudya chiyani?" Wodi yonse inkaseka, ngakhale amene kuseka kunkawawawa.

Tsopano masana akakwana miyendo inkangonyamuka yokha. Kawiri konse anazindikira ali pakati pa msewu, magalimoto akumulizira hutala.

"Pepani kwambiri," anatero mayi a mu ofesi aja. "Koma kalata iyi inatha ntchito. Malo anu anapatsa wina. Mukafuna, mupikisanenso ndi ana amene angolemba kumene mayeso. Ndipo salandira munthu amene dzina lake lili ku koleji ina. Muyambe mwasiya kuno."

"Ndikasiya, anditenga?"

"Ine ndimadinda mapepala, mwananga, sindilosera."

Anamupatsa fomu yosiyira sukulu, n'kumuuza kuti akaiganizire kaye.

Anapita nayo kushopu ya achemwali ake, atelala. Anawapeza atalumira mapini pakamwa, akupinda siketi ya yunifomu. Anawerenga fomuyo mapini ali chilumire, kenako anawalavulira m'dzanja.

"Iwe, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zaka ziwiri zokha zatsala. Pirira, utenge pepala."

"Pepala losunga mafayilo?"

"Mafayilo amaluma? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

"Achemwali, inu mumadutsa pachipatala paja kangati?"

Iwo anatola sizasi, n'kuiikanso pomwe inali. "Ndimazungulira njira ya kumsika."

"Ine ndimadzuka chili pamaso panga. Dzulo pawindo la amayi lija panapachikidwa thaulo la munthu wina. Mphunzitsi anandifunsa funso, sindinamve. Kalasi yonse inaseka, eti Wapawindo wapeza chibwenzi kwa manesi."

"Nanga amayi akanati chiyani?"

"Amayi ankadziwa koleji ina, ya mabuku mpaka kudenga. Imeneyo ndinamanga ndine ndi pakamwa pangapa. Inapita nawo limodzi."

Achemwali ake anapukuta maso ndi kansalu ka yunifomu ya mwana wa eni. Kenako anafufuza m'kabati, natulutsa cholembera.

"Ukagwa chagada usadzati sindinanene."

Pamzere wofunsa chifukwa chosiyira sukulu mnyamata uja anaganiza nthawi yaitali. Mzerewo unali waufupi ngati chala. Analemba kuti: Zapakhomo.

Lolemba anabweza kiyi wa chipinda chogona. Mnzake wa m'chipindamo anamuthandiza kunyamula chikwama mpaka pageti, n'kumufunsa ngati angamusiyire matiresi.

Miyezi isanu anakhala mushopu ya achemwali ake, pakona pafupi ndi chitseko. Ankasokerera mabatani, ndipo anthu atadziwa kuti amatha kulumikiza mawaya anayamba kumubweretsera maketulo ndi mawailesi akufa. Achemwali ake ankamutcha Bwana Injiniya, iye n'kumamwetulira pang'ono kuti asawakhumudwitse.

Tsiku limene mayina a osankhidwa ku koleji ya zamagetsi ija anatuluka, achemwaliwo anaimitsa makina. Anatenga foni, nayamba kutsetsereka ndi chala pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Atafika kumapeto anabwerera pamwamba, kenako anabwereranso.

"Mwina alakwitsa kalembedwe," anatero. "Anthu amenewa amalemba mothamanga. Kapena kutuluka mndandanda wachiwiri. Chaka china unatuluka, ndikukumbuka."

Iye sanadzutse mutu. Anali akusenda waya ndi mano.

"Mwawerenga katatu, achemwali," anatero atalavula kapulasitiki. "Tandipatsirani ketuloyo. Mwini wake abwera madzulo."