Makala a Alamu

Kasitomala wachitatu atabweza nyama tsiku lomwelo, mkazi wa Waya anasiya kunamizira mphepo.

Wobwezayo anali dalaivala wa minibasi, munthu amene wakhala akudya pamalopo zaka zambiri. Analuma kamodzi n'kulavulira mu ngalande.

"Mayi, nyama iyi mwawotchera matayala? Kunja yapserera, m'kati magazi. Ndiye utsi wake, ngati ndatafuna bulangeti."

Amene anali pa benchi anaseka. Mayiyo anayang'ana mu mbaula yake, mgolo wodula pakati umene mwamuna wake anausiya atamwalira miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Dzina loti Waya mwamunayo analitengera pa waya wowotcherapo nyama, ndipo depoti yonse inkadziwa kuti nyama ya kwa Waya sibwezedwa. Tsopano makala amene anayatsidwa ola limodzi lapitalo anali atasanduka kale phulusa, otsalawo akungothetheka. Epuloni ya mayiyo inali mabowo okhaokha.

Makalawo ankachokera kwa alamu ake, mkulu wa malemuyo, amene anali ndi shedi ya makala kuseri kwa depoti. Chimwalirire mng'ono wawo, Lolemba lililonse ankabwera ndi matumba awiri pa wilibala n'kutsitsa osafunsa. "Za m'banja zizithera m'banja," ankatero.

Mayiyo anakokera thumba latsopano pambali n'kulikhuthula lonse pansi. Pamwamba panali makala akuluakulu osiririka, okwana mwina ndowa imodzi. Pansi pake ndiye panali nkhani: tizidutswa topepuka ngati makoko a mtedza, zikuni zosapsa bwino, zibuma ziwiri zakuda bii, kenako fumbi lokhalokha mpaka kumapeto. Anazisiya choncho mpaka alamuwo atadutsa masana.

"Alamu, tabwerani muone zokolola zanu."

Bamboyo anaima, manja kumbuyo, n'kuyang'ana muluwo ngati akuona chinthu chachilendo.

"Ndiye mwati muyanike manyazi a banja pamsewu?"

"Ine ndayanika makala. Ngati mwaonamo manyazi, munaikamo ndinu."

"Makala ndi makala, mlamu. Mng'ono wanga wawotcha nyama pano zaka khumi ndi ziwiri, sanandidandaulirepo. Moto umadziwa dzanja. Ntchito iyi si yowiritsa madzi osamba."

"Zibumazi nazonso zimadziwa dzanja?"

"Samalani pakamwa. Mbaula mukunyadirayo ndi ya kwathu."

Anakankha chibuma chimodzi ndi nsapato n'kumapita.

Msika wonse unkadziwa kumene kunali makala enieni: kumapeto kwa mzere wa owotcherera zitsulo, kwa mayi amene anthu ankawatchula kuti a Sindiseka. Vuto linali loti a Sindiseka anali mkazi wakale wa alamu omwewo. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo bamboyo anawaponyera katundu panja mvula ikugwa, ndipo mkazi wa Waya analipo, ataima pakhonde, mwana kumbuyo, pakamwa atatseka. Chiyambire tsikulo, akakumana nawo mumsika ankapeza chochita pa foni.

Anatseka malo ake dzuwa lisanapendeke, n'kubwereka wilibala kwa wogulitsa zakumwa. Anapeza a Sindiseka atakhala pa kireti akusefa makala, nkhope ndi mikono zili zakuda, maso okha akuyera.

"Mwaswera bwanji, akulu?"

"Ndilibe mng'ono ine. Mukufuna chiyani?"

"Makala."

"Kwanu atha? Paja ndimamva kuti ndinu banja la makala."

Mkazi wa Waya anawerama pa mulu n'kutola khala lalikulu kuposa onse, kuti manja apeze chochita.

"Siyani limenelo. Mukusankha ngati mukusankha mwamuna, kungoona kukula. Ine ndinasankha choncho, mwaona kumene zinandifikitsa." A Sindiseka anatola lina laling'ono n'kumuponyera pachifuwa. "Nyamulani onse awiri. Lolemera ndi liti?"

Laling'onolo linali lolemera, mpaka mayiyo anadabwa.

"Mtengo wolimba umenewo. Lanu lalikululo ndi la mtengo wofewa, ndimagulitsa kwa owiritsa tiyi. Limayaka msanga, kutha msanga, ngati chikondi cha kwanuko. Tengani lina lolemera, muwagundanitse."

Anawagundanitsa. Analira ngati mabotolo awiri.

"Akangoti phu, musiye. Tsopano thyolani."

Khalalo linavuta kuthyola. Litathyoka, m'kati munali mwakuda mowala mpaka pakati penipeni.

"Mukaona kufiira m'katimo, dziwani kuti ndi nkhuni yovala suti. Utsi umene mukudyetsa anthuwo ukuchokera pamenepo. Inde, ndimamva. Madalaivala pakamwa sasunga kanthu." Anapitiriza kusefa, osamuyang'ana. "Lozizira m'manja lanyowa, limenelo ndi lothetheka. Ndiye thumba lomanga kale musamagule, ngakhale wogulitsayo akhale mayi anu. Zaka zonsezi munkachita chiyani pa mbaulapo, kuwerenga mabasi?"

"Ndinkadula nyama. Za moto zinali za bambo."

"Ndiye mumayesa bambowo makala ankagula kuti?"

"Kwa akulu awo."

A Sindiseka anatsonya. "Thumba la akulu awo ankapatsa mayi wina wosita zovala mumsika muno. Makala owotchera nyama ankatenga pano, Lachiwiri lililonse m'mamawa, kudzera kuseri kwa owotchererawa ngati wakuba nkhuku. Munthu wabwino, koma wamantha. Kwa inu ndinaona mantha okha."

Mkazi wa Waya sanadziwe woyamba kumukwiyira, mayi wakuda manjayu kapena mwamuna amene anagona naye nyumba imodzi zaka zonsezo osamuuza kanthu kakang'ono ngati aka, n'kumusiya akuwotcha epuloni ndi mbiri yomwe. Anasankha makalawo limodzilimodzi, ofanana kukula ngati nkhonya, mpaka thumba linadzaza. Mwini wake anabweza asanu osanena chifukwa. Akumanga pakamwa pa thumba ndi chingwe chofiira, mkazi wa Waya anayankhula motsitsa mawu.

"Tsiku lija ndinalakwa kukhala chete."

"Pano sindigulitsa chikhululukiro. Thumba lanu ilo."

Njira zobwerera zinali ziwiri: ya kuseri, imene mwamuna wake ankazembera, ndi yodutsa pakhomo pa shedi ya alamu. Anaima pamphambano kanthawi, wilibala ikumukoka mapewa. Kenako anadutsa pa shedi. Chingwe chofiira chija msika wonse unkadziwa mwini wake. Alamu anali pa mpando akumwa tiyi. Kapu inaima m'malere, pakati pa tebulo ndi pakamwa.

M'mawa mwake makalawo anachedwa kugwira moto, mpaka mayiyo anayamba kukayika. Atagwira, sanathetheke, sanafuke. Anafiira mwakachetechete n'kuvala kaphulusa koyera pamwamba, kutentha kwake kofanana kuyambira kona mpaka kona. Nyama inayamba kulira mafuta, fungo linakafika mpaka pa mzere wa mabasi, ndipo benchi inadzaza.

Cha m'ma teni alamu anatulukira akukankha wilibala yopanda kanthu. Ulemu anali atausiya kunyumba.

"Iwe, wandivula pagulu. Pa anthu onse a mumsika muno, unaona kuti ukagule kwa mfiti ija?"

"Ndinagula kumene mng'ono wanu ankagula."

"Usamunamizire wakufa."

"Kafunseni mayi wosita zovala kuti makala anu ankathera kuti."

Nkhope ya bamboyo inachita ngati yamenyedwa mbama. Mayiyo anaona kuti nkhaniyo sankaidziwa, ndipo kwa kamphindi anamva chisoni, chifukwa mphumi imeneyo, ndi mmene mlomo wapansi unkanjenjemerera, zinali za mwamuna wake. Koma chisonicho sichinakhalitse.

"Ndabwera kudzatenga mbaula ya mng'ono wanga," anatero alamu. "Uziwotchera pa mutu wa mnzakoyo."

"Tengani."

Bamboyo anagwira chogwirira cha mgolowo n'kubweza dzanja msanga, n'kulibisa m'khwapa.

"Zimitsa moto."

"Nyama ya anthu ili pamoto. Dikirani uzime wokha. Simuchedwa, paja makala ndi makala."

Bamboyo anaima pambali, atapinda manja. Mayiyo sanawonjezere khala ngakhale limodzi, kuti asapezerepo chonena. Anangopitiriza kutembenuza nyama, kudula, kuthira mchere, kukulunga mu pepala. Ola linadutsa. Lina linadutsa. Dzuwa linafika paliwombo, thukuta linanyowetsa malaya a alamu mpaka m'chiuno, koma makala anali akadali ofiira.

"Bambo, muli pa mzere?" anafunsa kondakitala wina.

"Asiye, akudikira basi yopita kumwezi," anayankha mnzake.

Mayiyo sanaseke. Ankadziwa kuti munthu wosekedwa pagulu sapita chimanjamanja.

Cha m'ma thu koloko, alamu ananyamula ndowa ya madzi osamba m'manja n'kuikhuthulira yonse mu mbaula, nyama ili pomwepo. Nthunzi ndi phulusa zinakwera, anthu anathawa pa benchi akukhosomola. Bamboyo anakulunga manja ndi matumba akale, n'kugwetsera makala ndi nyama pansi, n'kukweza mgolowo pa wilibala. Pamwamba pake anaponyapo waya wowotcherapo nyama uja. Panali amuna oposa khumi pamalopo, ndipo aliyense anapeza choyang'ana kwina. Mayiyo anafuna kuwatukwana, koma anadziwa kuti iye alibe pakamwa ponenera zimenezo, paja nayenso anangoonerera pakhonde tsiku lija.

"Kuyambira lero si iwe mlamu wanga," anatero bamboyo akunyamuka.

"Mwachedwa kunena. Ine ndinasiya dzulo."

Madzulo apongozi ake anaimba foni. Anayankhula nthawi yaitali mokwiya. Anati wanyoza banja, wadetsa dzina la womwalira, ndipo ana angathe kumabwera kudzawaona koma iye asadzapondenso pakhomo pawo. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva, amayi," anatero. Anafuna kuwonjezera za zibuma zija, koma foni inali itadulidwa kale.

Kwa milungu itatu anawotchera pa njerwa zisanu ndi imodzi ndi waya wa mufiriji yakale, atanjuta pansi, msana ukuwawa, fumbi la mabasi likumuvuta kuteteza nyama. Makasitomala ena anasamukira kwa wowotcha wa pa geti ndipo sanabwerenso. Kenako wowotcherera zitsulo wina anamudulira mgolo watsopano, wokhota mwendo umodzi, woti aziuchirikiza ndi mwala.

Mbaula yakale ija ili pakhomo pa shedi ya alamu, yachita dzimbiri, amasungiramo zingwe zomangira matumba. Alamuwo ndi mkazi wa Waya amatunga madzi pa mpopi umodzi wa pa depoti. Akakumanapo, wina amadikira chapatali mpaka mnzake atadzaza ndowa.