Msinkhu wa Maluwa a Pakhonde

Malizani anatsitsa mbande yomaliza m'galimoto n'kuiika pamzere ndi zinzake, kenako anapukuta manja pabuluku lakuda lomwe anali asanasinthe chiikireni maliro a bambo ake Lachiwiri.

"Awa ndiye maluwa," anatero. "Wogulitsa ku Mponela wandiuza kuti zaka ziwiri zokha afika padenga. Amayanga, ndipo minga yake si yamasewera. Munthu sangadutsepo, ngakhale kusuzumira."

Thoko, mlongo wake, anali pansi akutsuka mapoto obwereka kumpingo. Anayang'ana mbandezo, n'kuyang'ananso pabwalo.

Pabwalopo panali ngati padutsa ng'ombe. Mzere wa maluwa umene malemu bambo awo, aphunzitsi a Festus Mkanda, ankasamala pakati pa khonde ndi msewu unatha tsiku limodzi. Amayi a Chigwirizano anathyola maluwa onse kuti aluke nkhata, ndipo palibe anawadandaula, poti mwini wake ndiye ankapita nazo. Zotsalazo inamalizitsa ndi lole yonyamula bokosi pobwerera cham'mbuyo. Panangotsala zitsa ndi matope.

"Achimwene, akafika padengapo, amayi aziona chiyani?"

"Aziona maluwa."

"Msewu ndikunena."

Amayi awo, a Roza, anafa ziwalo mbali ya kumanzere zaka zinayi zapitazo. Kutchalitchi analeka, kumunda analeka, ngakhale kumanda kwa amuna awo sanafike. Chimene chinawatsalira ndi mpando wa pakhonde ndi msewu wochokera ku Nachisaka. Pamsewupo pankadutsa akabaza, ngolo za manyowa, ana amene malemu anawaphunzitsa omwe tsopano anali ndi ana awo. Aliyense ankakweza dzanja, iwo n'kukweza lawo lamoyolo. Tsiku lawo linkatha choncho.

"Msewu ndi umene ukundidetsa nkhawa," anatero Malizani. "Kale munali mwamuna m'nyumba muno. Lero dziko lonse ladziwa kuti mwatsala amayi odwala ndi iwe basi. Ukufuna anthu aziwerenga mipando yathu ali pamsewu?"

"Akuba a kuno sadzera kumsewu, achimwene. Amadzera kuseri, kukhola la mbuzi."

"Kumenekonso tidzatchinga."

Malizani sanali munthu woipa ayi. Anangokhala ndi nthenda ya ana a m'tauni, omwe akabwera kumaliro amafuna kukonza m'masiku atatu zonse zimene sanazione zaka zisanu. Anali atasintha kale maloko, atakhoma mawindo, atakalipira ngakhale galu. Mawa lake ankabwerera ku Lilongwe, ndipo zinkamupweteka kupita osasiya kanthu kooneka. Manyazi anali atamugwira, koma m'malo monena ankangogula zinthu.

"Kumsika komweko kuli aafupi," anatero Thoko. "Aja achikasu olekeza m'chiuno."

"Timaluwa ta paofesi? Titchinga chiyani timeneto?"

Thoko anabwezera poto m'madzi. Miyezi itatu anali atadwazika bambo ake, atasiya mwamuna ndi ana ku Ntchisi, ndipo mphamvu zokangana zinali zitamuthera. Maso ankamuwawa chifukwa cha utsi ndi kulira. Ankangofuna munthu wina aliyense, kupatula iye, anene mawu omaliza.

"Afunseni eni ake," anatero.

Anakawatenga amayi awo kuchipinda kumene anakhala pamphasa sabata yonse, wina mbali iyi wina mbali iyo, n'kuwakhazika pampando wawo. Kanali koyamba kutuluka chiyambireni maliro. Anayang'ana zitsa zija nthawi yaitali. Malizani anagwada n'kufotokoza zonse, za minga, za akuba, za mtendere wamumtima umene iye azikhala nawo ku Lilongwe.

"Dzalani zimene mwagula," anayankha amayiwo, mawu akutuluka mokoka monga ankachitira chidwalireni. "Mwavutika nazo."

Thoko mtima unamugwa. Ankawadziwa amayi ake: mwana wamwamuna amene wanyamula maliro onse sakanamukaniza pamaso, ngakhale atati awatsekere m'nkhokwe. Akanangokhala pampandopo n'kumaona masamba akukwera mwezi ndi mwezi mpaka msewu utatha.

Malizani anadzuka mopepukidwa. Anatola nsungwi imene inatsala pochotsa tenti, anapita pamzere paja n'kuiimika kuti aone pofika mpanda wake. Anaigwira pamwamba pa mutu wake, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Apa ndiye bwino. Ukuona, Thoko?"

"Mukuyeza mutaimirira?"

Anali amayi. Onse awiri anatembenuka.

"Nanga munthu amayeza bwanji, amayi?"

"Nditsitseni. Ndiikeni pansipa."

Anaganiza kuti atopa. Thoko anayala chitenje pakhonde, anawatsitsa n'kuwatsamiritsa kukhoma. Koma amayiwo analoza mpando uja ndi chibwano.

"Khala apo, Malizani."

Anakhala, mwamuna wamtali, mawondo ali m'mwamba, nkhope ikuonetsa kuti akungomvera poti ndi amayi.

"Bambo ako ankatero," anatero amayiwo. "Loweruka loyamba la mwezi. Amanditsitsa chonchi, n'kukhala apo. Amayang'ana kumsewu, amadzuka, amakadula maluwa pang'ono, amabwera kudzakhalanso. Kasanu, kasanu ndi kamodzi. Ndi msana wawo uja."

Thoko anaika dzanja pakamwa. Iye anafika bambo atagona kale ndi matenda, ndipo zimenezi sanazionepo. Ankangodziwa kuti maluwa a pakhomopo sankakula, ndipo nthawi ina anawaseka bambo ake kuti ali ndi dzanja louma.

"Wakhala ngati uli muofesi," anapitiriza amayiwo. "Ine sindikhala choncho. Tsika."

Malizani anatsetsereka pang'ono.

"Tsikanso. Tsopano pendekera kumanzere. Phewa ligwe. Iwo ankaligwetsa, mpaka mutu."

Anapendekera. Anagwetsa phewa, dzanja lamanzere n'kulisiya lili lende pambali pa mpando monga la amayi ake. Ali chomwecho dziko linachepa: denga la khonde linatsika, phiri linabisika, panangotsala kampata kakang'ono pakati pa chipilala ndi mtengo wa mango, m'mene munkaoneka msewu. Misozi imene anaikaniza kumanda pamaso pa anthu inatsikira mbali imodzi, kulowera kukhutu, ndipo sanaipukute.

Patapita nthawi anayankhula, osadzuka, mawu atasasa.

"Thoko, tenga nsungwiyo. Uigoneke chopingasa, uigwire m'chiuno."

Thoko anapita pamatope paja n'kuigwira.

"Tsitsa."

Anatsitsa.

Malizani anapendeketsanso mutu pang'ono, natsinzina diso limodzi.

"Tsitsanso," anatero.