Bondo la Tadala

Maloto awa andisowetsa mtendere kuyambira Lachiwiri masana, pomwe ndinangoti nditsamire pang'ono titachoka kothamanga. Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, ndikuphunzira uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, ndipo Lachisanu tili ndi mayeso a mafupa ndi minofu.

Ndinalota tili pabwalo la mpira wamanja, dzuwa likuswa mtengo. Chigoba cha mafupa apulasitiki chomwe timaphunzirira m'kalasi chinali chitakoleka wezulo m'khosi, chikuimbira masewerawo. Tadala, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, analumpha n'kugwa. Bondo lake linang'ambika ngati papaya wakupsa, koma m'malo mwa magazi munkatuluka mchenga wotentha.

"Chikondi, ndithandize!" anakuwa.

Ndinagwada pambali pake. Chigoba chija chinandiweramira, mano ali gwedegwede, n'kuyankhula ndi mawu a aphunzitsi athu: "Tchula dzina la mtsempha wadukawo, apo ayi sadzayendanso."

Dzinalo ndimalidziwa, ndinaliloweza kalekale. Koma nditatsegula pakamwa munatuluka timafupa ta zala, tikulira pasimenti. Ndikati nditole tinkandipulumuka. Mchenga uja unamukwirira Tadala mpaka m'chiuno, iye akungondiyang'ana.

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu, nditagwira bondo langa lomwe.

Nditamufotokozera Tadala anangoseka. "Iwe, ndi mantha a mayeso amenewo."

Mwina akunena zoona. Komatu mayeso munthu ukalephera umabwereza. Chomwe chikundidya n'chakuti chaka chamawa adzandipatsa ana a eni ake kuti ndiziwathamangitsa pabwalo, ndipo wina akadzagwa, wamkulu pamenepo ndidzakhala ine.