Jumbo pa Mbaula ya Mabel

Mabel sanakhale pansi tsiku limenelo. Ankangoti pakhomo, kuchipinda, pakhomonso, ngati nkhuku yofuna kuikira. Nanga si mayi Elsie, a bungwe losamalira chilengedwe, ankabwera ku Nkhorongo kudzaona ngati Mabel angayenere ntchito yophunzitsa amayi kuleka kuwotcha mapulasitiki! Ntchito imeneyo ankaifuna ndi mtima wonse.

Mlendo anafika kukuwaza kamvula kaja ka ku Mzuzu kosadziwa kukata. Mabel anamulonjera m'Chitumbuka.

"Mwatandala uli, amama?"

"Tatandala makora, yewo chomene."

Asanakhazikike n'komwe, Mabel anali atayamba kale, manja ali m'malere. "Pulasitiki amachokera ku mafuta okumba pansi. Pomupanga, utsi. Pomuwotcha, utsinso! Utsi umenewo ndi umene wafunditsa dziko bulangete. Mzuzu wathu wozizira uja, lero mwezi wa Okutobala tikugona osafunda!"

Mayi Elsie ankangogwedeza mutu, ndipo mtima wa Mabel unkavina. Kenaka m'nyumba munalowa fungo. Eee, fungo limenelo ndani salidziwa?

Anatuluka onse awiri. Pakhonde, Jailos, mwamuna wa Mabel, munthu wa ku Thyolo wokoma mtima koma wa nkhutukumve, anali atanyonyomala pa mbaula, akudonthezera jumbo yoyaka pa makala. Jumbo yakenso anaisolola m'thumba la mapulasitiki amene Mabel anatola mumtsinje kuti aonetse mlendo!

"Bambo a Lusayo, mwandipha!"

"Mlendo amwe tiyi, mayi. Makala anyowa awa. Ndiyatsire chiyani, malovu?"

Manyazi anamugwira Mabel. Ntchito ija anaiona ikupita ndi utsi wakudawo. Koma mkazi ameneyu sagonja msanga. Analiyatsa liwiro la kuseri kwa nyumba, n'kubwera ndi dengu la zipatso zouma za paini zimene ankatola m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina. Anakhuthula mbaula ija, n'kuyala zipatsozo pansi, makala pamwamba, n'kukhwatcha machesi.

Thethethe! Moto lawilawi, utomoni kununkhira pakhonde ponse. Jailos anangoti kukamwa yasa.

Mayi Elsie ananyonyomala kuti awothe. Mayiwo atatambasula manja, Mabel anaona kachipsera koyera pachala chawo chachikulu, kofanana ndendende ndi ka Jailos. Chipsera chotere munthu amachipeza jumbo yosungunuka ikamudonthera. Maso awo anakumana, mlendo n'kuphulika ndi phwete.

"Cha sabata yathayi chimenechi, mwana wanga. Lolemba mubwere ku ofesi, ntchito ndi yanu. Koma wophunzira woyamba ndine. Tanditapireniko m'dengumo."

Mabel analulutira mpaka agalu a aneba anauwa. Jailos naye, pofuna kukonza mlandu wake, anathamangira kuthumba kuja n'kubwera ndi jumbo yoti mlendo aikemo zipatsozo.

"Yayi!" amayi awiriwo anakuwa pamodzi.

Mayi Elsie anamasula chitenje chawo n'kumangamo.