Ulusi wa Pamazenera

Sutukesi inali yasa pabedi pomwe Telala ankalowa m'chipindamo, ndipo Ahedi, mchimwene wake wamkulu, anali kalikiliki kupinda majuzi a Amayi ngati akulongedza mapepala a mayeso. Amayi eni ake anali atatsamira mapilo atatu, kopopera mankhwala kali m'manja, chifuwa chikulira ngati mluzu. Sutukesiyo sanaiyang'ane n'komwe. Anali atanena kale kawiri kuti m'nyumba mwawo sachokamo, ndipo mpweya woti anenere kachitatu unali utawathera.

Panali patadutsa masiku asanu ndi anayi chiwaikireni Bambo m'manda. Ahedi, amene dzinali linawakanirira chiyambireni kuyendetsa sukulu kumzinda wakutali, anali atagamula kale mlandu: Lamulungu m'mawa Amayi akwera galimoto kupita kumzindako. Anati nyumbayi ndiyo ikuwapha, ndipo kunena zoona panalibe pogwira powatsutsa. Mphumu ya Amayi inali yakalekale, koma anawo anakula akuidziwa ngati mlendo wobwera kamodzi pachaka n'kubwerera. Tsopano mlendoyo anali atavula nsapato n'kukhazikika. Kuseri kwa nyumba kunali galaja yopentera magalimoto, kumaso kunali msewu wafumbi, ndipo pangodya ya kubafa nkhungu inali itayamba kale kudetsa khoma.

Aliyense mwa awiriwa anali atayesa nzeru zake. Ahedi anayamba ndi kutseka mazenera onse, mpaka kufinyira nyuzipepala kunsi kwa zitseko, kuti fumbi ndi chisanu zisawapeze Amayi. Patatha masiku awiri nyumba yonse inkanunkha ngati m'kati mwa nsapato yonyowa, Amayi akupuma ndi mapewa. Telala atakwiya anatsegula paliponse potsegulika, makatani n'kumangirira m'mwamba. Fungo la penti linalowera kuseri, fumbi linalowera kumaso, zinakumana pabalaza, ndipo madzulo ake Amayi anawathamangira nawo kuchipatala. Kuyambira pamenepo mlongo ndi mlongo ankalankhulana kudzera m'zitseko zomenyetsa.

Telala sankafuna kuti Amayi apite. Ankadziwa kuti kumzindako, m'nyumba yosanja yomwe anansi sapatsana moni, mayi ake akangokhala pampando n'kuzilala ngati nyali yotha mafuta. Komanso ankachita mantha kuti akaumirira, tsiku lina adzawapeza atauma pamapilo atatu aja, ndipo mlandu udzakhala wake.

Bambo ankadziwika mumsewu monse kuti Amphepo. Paunyamata wawo anagwira ntchito kumgodi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo anawo atafunsa kuti ankakumba chiyani, anayankha kuti iwo sankakumba, ankatsegula ndi kutseka zitseko pansi pa nthaka. Nkhaniyi anawo sankaikamba kusukulu. Abambo a anzawo ankaphwanya miyala, awo ankatseka zitseko. Atabwerako, m'mawa uliwonse ankazungulira nyumba ndi kabudula wawo wakhaki, apa atsegule, apa atseke, apo aime n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yomva chiwombankhanga. Anawo ankagwirana pakamwa n'kumanong'onezana kuti Bambo ayamba kugawa mphepo. Pafelemu ya zenera lililonse anakhomapo kamsomali, n'kumangirirapo ulusi wofiira wotalika ngati chala. Ulusiwo m'zaka zam'mbuyomu ankakautola kushopu kwa Telala, pansi pa makina osokera, ndipo iye sanawafunsepo kuti ngwachiyani. Tsiku lomwe anamwalira, pokonza m'nyumba anthu asanayambe kufika, Telala anauthothola wonse ndi manja ake kuti alendo asaone nyansi zolendewera.

Loweruka m'mawa akuyanika mashiti kuseri, anamva munthu akutsokomola mwaulemu kumpanda. Anali Apenta, mwini galaja uja, bambo wamfupi wa ovolosi yamawangamawanga, chipewa chili m'manja. Atapepesanso za maliro anazungulirazungulira, kenako anafika pomwe amafuna.

"Achemwali, mundithandize. Ndizipopera nthawi yanji tsopano?"

Telala sanamvetse. Apenta analoza kazenera kakang'ono ka kubafa, kam'mwamba, koyang'ana kugalaja kwawo. Anafotokoza kuti kwa zaka khumi ndi chimodzi wotchi yawo inali kazenerako. Kakakhala kotsegula, iwo ankapala dzimbiri, kumata, kuchita zina zilizonse, koma makina opopera osawakhudza. Kakatsekedwa, ndiye kuti Amphepo awapatsa msewu. Chichitikireni maliro anasokonezeka mutu: tsiku lina anaona potseka ponseponse n'kuyamba kupopera minibasi, ali pakati anangoona mazenera onse ali yasa. Usiku wake sanagone atamva kuti Amayi apita kuchipatala.

"Anakupemphani ndi Bambo zimenezo?"

"Anabwera tsiku lomwe ndinkakhoma chikwangwani. Sanakalipe ayi. Anandikhazika pa tayala n'kundijambulira nyumba yanu pansi ndi kamtengo, chipinda ndi chipinda, n'kundionetsa momwe mpweya umayendera mpaka kukafika pamphuno pa mayi anu."

Apenta anapitiriza, ndipo Telala anangoima ndi shiti yonyowa paphewa, madzi akumutsikira m'khwapa osawamva. Amphepo anawauza kuti kumgodi kuja, pansi penipeni pomwe dzuwa silinafikepo chilengedwere, amuna mazana atatu ankapuma chifukwa cha zitseko zisanu ndi chimodzi. Ukatsegula zonse, mpweya umadutsa njira yachidule n'kutuluka, anthu akumapeto n'kukomoka. Ukatseka zonse, ndiye wawakwirira amoyo. Ntchito inali kudziwa chotseka, kuti mpweya usowe kothawira n'kupita komwe kuli anthu. Ndipo ulusi uja, anatero Apenta, ndiwo unali maso awo. Wa kubafa uyenera kuloza kunja. Ukangopindikira m'kati, mphepo yatembenuka, tsekani msanga.

Telala anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire, ndipo pamwamba pa manyaziwo panali mantha ena okoma, ngati omwe munthu amamva akalowa m'tchalitchi chachikulu mopanda anthu. Zaka zonsezi ankaseka munthu ali pantchito.

Analowa m'nyumba, natulutsa ulusi wofiira m'chikwama chake, poti telala sayenda wopanda ulusi. Timisomali tonse tinali pomwepo, tikudikira. Anamangirira zenera ndi zenera, Ahedi akumuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Atawafotokozera za Apenta, iwo anati nkhaniyo ndi yogwira mtima ndithu, koma chifuwa cha munthu sichichizidwa ndi ulusi, ndipo galimoto inyamuka mawa 8 koloko. Telala anapempha m'mawa umodzi wokha. Ahedi anakweza mapewa n'kupitiriza kulongedza.

Vuto linali loti sankadziwa poyambira. Mazenera analipo asanu ndi anayi, zitseko zisanu ndi ziwiri. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwafunsa Amayi kuti Bambo ankayamba ndi liti.

"Sindinawaonepo," anatero Amayi, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Ndinkakhala ndili gone. Ndinkangomva."

"Mungakumbukire zomwe munkamvazo?"

Amayi anamuyang'ana ngati wafunsa ngati akukumbukira dzina lawo.

Lamulungu kunacha bwino, kopanda mitambo. Sutukesi inali kale m'buti mwa galimoto, Ahedi atavala jekete. Amayi anatsinzina, manja ali pachifuwa, ndipo Telala anaima pakhomo la chipinda opanda nsapato kudikira.

Choyamba, anatero Amayi, kunkamveka timaloko tiwiri pabalaza. Telala anakatseka mazenera awiri oyang'ana kumsewu. Kenako kulira kwa kazenera ka kubafa, kokhala ngati mwana wa mphaka. Anakwera pachidebe n'kukakankha, ndipo kanaliradi chimodzimodzi. Kenako chitseko cha kukhitchini. Anachitseka, koma Amayi anapukusa mutu maso ali chitsinzinire. Sichinkamveka choncho, Bambo ankayamba achinyamula pang'ono kuti chilowe bwino. Telala anagwira chogwirira, nanyamula, chitseko n'kukhala m'malo mwake ndi kaphokoso kofewa. Amayi anagwedeza mutu.

"Tsopano njerwa."

Panalibe njerwa. Telala anagwada pakhomo la chipinda cha Amayi, ndipo pasimenti anaona chomwe anakhala akuchipondaponda moyo wake wonse: kanjira kosalala, kopindika ngati mwezi watsopano, komwe chinthu cholemera chinkakokedwa tsiku ndi tsiku mpaka kudya simentiyo. Kanathera pamalo amodzi, pomwe chitseko chikanaima chotsegula theka. Anafunsa komwe kunapita njerwa ya m'kolido. Ahedi anatuluka panja. Anali ataipinga kutayala la galimoto yawo tsiku lomwe anafika, poti pabwalopo m'potsetsereka pang'ono. Anabwera nayo ataigwira ndi manja awiri, ndipo Telala anaona kuti mbali imodzi inali yosalala ngati sopo.

Sanampatse. Anawerama okha ndi jekete lawolo, naiika poyambira kanjirako, n'kuikankha ndi phazi. Njerwa inakhuzika pasimenti.

"Ndi imeneyo," ananong'ona Amayi pabedi paja. "Latsala langa."

Zenera la kumutu kwa bedi linkayang'ana kumbali, komwe kunali mpanda wa mitengo ndi kadimba ka anansi. Kachitsulo kogwiriziza zenerali kanali ndi mabowo asanu. Anayi anali odzaza dzimbiri. Lachiwiri lokha linkawala ngati ndalama yatsopano. Telala anatsegula zeneralo mpata wa zala zitatu basi, nakoleka pabowo lachiwirilo, n'kubwerera m'mbuyo.

Poyamba sipanachitike kanthu. Ahedi anayang'ana wotchi. Kenako ulusi wa pazenerapo unagwedezeka, unadzuka pang'onopang'ono, n'kuloza m'kati. Katani inafufuma. Kamphepo kozizirira, konunkhira masamba onyowa ndi mame, kanadutsa pamwamba pa mapilo, kanagwedeza tsitsi la imvi pachipumi pa Amayi, kanawoloka chipinda n'kutulukira pampata womwe njerwa inasiya. Telala anakatsatira. M'kolido kalendala ya pakhoma inatukula tsamba limodzi n'kulibweza. Kamphepoko kanafika pachitseko cha kukhitchini, kanapeza potseka, kanakhota. Kanadutsa pabalaza osaima, poti kumsewu kunalibe potulukira. Kubafa, m'mwamba muja, ulusi wofiira unali utaima chowongoka, ukuloza kunja.

Anaimirira m'kolidomo. Nyumba yomwe anabadwiramo inkapuma. Inkakoka mpweya kumutu kwa mayi ake n'kukautulutsira kubafa, mosalekeza, mwakachetechete, ndipo fungo la nsapato yonyowa lija linkachepa iye akumva. Zinali ngati munthu wadutsa m'nyumbamo posachedwapa, wa kabudula wakhaki, ndipo wangokhota pakona. Telala analira, koma osati kulira kwa pamaliro kuja.

Atabwerera kuchipinda anapeza Ahedi ataima pomwe anawasiya. Mluzu wa m'chifuwa mwa Amayi sunathe, koma unali utatsika, ndipo mapewa awo anali atagwa. Kopopera mankhwala kanali katagubudukira pabulangete. Patapita kanthawi Amayi anasuntha pilo mmodzi n'kumuika pambali, nagona chammbali, nkhope ataloza kuzenera. Chiwaikireni Bambo anali asanagonepo choncho.

8 koloko inakwana, n'kudutsa. Telala ananena motsitsa mawu kuti shopu yake ili pafupi, azibwera m'mawa uliwonse asanatsegule, ndipo masana azidzatseka ka kubafa kuti Apenta agwire ntchito. Anati akudziwa kuti mphepo imasintha ndi nyengo, kuti pali zambiri zomwe sakuzidziwa, koma ulusi ulipo, makutu a Amayi alipo. Ankayembekezera mtsutso. Ahedi sankamumvera n'komwe. Maso awo anali pakamsomali ka pafelemu.

"Kwathunso unalipo," anatero.

"Chiyani, achimwene?"

"Ulusi. Pazenera la kuchipinda kwa ana. Bambo atabwera kudzaona mdzukulu wawo chaka chatha anakhala masiku atatu, akungoyendayenda m'nyumba. Atapita ndinaupeza. Ndinawakalipira alamu ako kuti akusiya zinyalala paliponse." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi kwa nthawi yaitali. "Ndinauzula."

Telala anakumbukira zenera la kushopu kwake, kuseri kwa makina, pomwe pankalendewera kaulusi komwe iye ankayesa kuti kanangokodwa pamsomali.

Ahedi anatuluka. Kunamveka buti ikutseguka, kenako sutukesi ikukhuzika pakhonde. Anailowetsa n'kuiimika m'kolido, koma ataona kuti yatchinga njira pakati pa njerwa ndi bafa, anaisunthira kukhoma. Kenako anatambasula dzanja kwa mlongo wawo. Telala anadula ulusi ndi mano, wotalika ngati chala, nawapatsa. Iwo anaukulunga mosamala m'kapepala, nauika m'thumba la shati kuseri kwa zolembera zawo, n'kufunsa ngati m'bokosi la Bambo munatsalako timisomali.