Magudumu a Akamwini

Gudumu loyamba linakana kulowa. Nasser, makaniko wochokera ku Dedza boma, analitembenuza, nalikankha ndi bondo, koma mabawuti awiri okha ndiwo anasuzumira m'mabowo. Awiri enawo anagunda chitsulo.

A Damiano anali chiimire pambali, manja kumbuyo. Galimotoyo inali yawo, MG yobiriwira ya ku Mangalande, ya mipando iwiri, yopanda denga. Anaigula kalekale kwa mzungu wina wa zankhalango, nthawi imene iwo ankayendetsa thirakitala m'mapaini a paphiri la Dedza. Loweruka inkayenera kunyamula mwana wawo wotsiriza, Jacqueline, kupita naye kutchalitchi kukamanga ukwati. Koma gudumu limodzi lakale linali litapindika padzenje, enawo atachita dzimbiri.

Magudumu atsopanowo anabwera ndi Benedicto, mwamuna wa mwana wawo wamkulu Jestina. Sanauze munthu. Atagulitsa mbatata yake ya kachewere ku Lilongwe, anangotulukira nawo, onse anayi, onyezimira ngati sefuliya yatsopano. Chikwatire pamudzipo anthu ankamunena kuti ndi mkamwini wongodziwa khasu, ndipo tsiku limene anafika nawo mudzi wonse unabwera kudzaona.

"Mwina ndi ili lokha," anatero Benedicto. "Tayesani linalo."

"Onsewa ndi ana a mayi mmodzi, achimwene," anayankha Nasser akupukuta manja. "Mabowo ndi anayi ndithu, koma kutalikirana kwake n'kwina. Awa ndi a galimoto za ku Japan. Agogowa savala nsapato zobwereka."

"Wogulitsa uja anati anayi ndi anayi basi."

"Angalole kuti mubweze?"

Benedicto anapukusa mutu. Anagula pamsika, kwa munthu amene ngakhale dzina lake sanalifunse.

"Njira ilipo," anapitiriza Nasser. "Nditha kutenga tupa n'kukuza mabowowa mpaka alowe. Ena amatero. Kungoti pabowo lokuzidwa nati siigwira bwino, imamasuka pang'onopang'ono. Pamsewu wa phula mwina mungayende. Koma pamtsetse wa ku Mphunzi uja, ndi miyala ija, ine sindilonjeza kanthu. Eni galimoto anene."

Onse awiri anayang'ana a Damiano.

"Tiyambe tamwa tiyi," anatero iwo, nalowa m'nyumba.

Akazi awo, a Filomena, anali atamva zonse pawindo.

"Bambo a Jestina, mukawakana magudumuwa mwamukana munthu," anatero motsitsa mawu. "Ndipo amene akamve kuwawa kwake kunyumbako ndi mwana wathu."

"Ndikawalola, amene akwerenso ndi mwana wathu."

"Si inu mumayendetsa ngati mwanyamula mazira?"

"Mtsetse sufunsa zimenezo, mayi."

A Filomena anathira tiyi m'makapu. Kenako anati, "Ndiye mumuuze nokha. Osati pamaso pa mlendo."

A Damiano anaitanira Benedicto kuseri, kudimba la kabichi. Awiriwa anali asanakhalepo paokha kupatula popatsana moni. Benedicto anavula chipewa.

"Akamwini," anayamba a Damiano, "ana anga enieni amati galimotoyi ndiigulitse kwa ogula zitsulo. Amene anaiganizirapo zabwino ndinu nokha. Zimenezo ndaziona. Koma mabowo aja sitikuza."

Benedicto anayang'ana pansi.

"Ndamva, bambo. Safunsa anadya phula. Ndikanayamba ndabwera kwa inu."

"Mukanabwera ndikanakuuzani chiyani? Nanenso ndimayesa anayi ndi anayi. Chigulire sindinasinthepo gudumu."

"Anthu aseka."

"Aseka, kenako atopa. Pakadali pano ntchito ilipo. Lopindika lija Nasser akaliwongola kutauni. Atatu enawo afunika kupala dzimbiri ndi kupaka penti, ndipo maso angawa saonanso bwino."

Benedicto anavala chipewa chake. Madzulo omwewo anakhala pansi pa mtengo wa pichesi, gudumu lakale lili pakati pa miyendo, akulipala ndi bulashi ya waya. Odutsa pamsewu ankaima.

"Onyezimira aja ali kuti, akamwini?" anafunsa mayi wina wochokera kuchigayo.

"Akupuma," anayankha osadzutsa mutu.

Mawa lake anawapaka penti yasiliva, kawiri, nawayanika padzuwa. Nasser atabwera ndi lachinayilo litawongoka, anaika matayala, napopa. Koma pomanga anapereka sipanala kwa Benedicto.

"Musamange nati imodzi mpaka kumapeto. Iyi pang'ono, kenako yoyang'anana nayo, kenako zinazo. Tikaitsitsa pajeke, mubwerezenso."

Gudumu lililonse linalowa bwinobwino, mabawuti onse anayi n'kutulukira. Nasser anagogoda tayala ndi chibakera. "Mako ndi mako, angachepe mwendo," anatero.

Loweruka m'mawa galimotoyo inatsika mtsetse wa ku Mphunzi pang'onopang'ono, Jacqueline atagwira velo yake ndi manja awiri kuopa mphepo. Benedicto anali atatsogola wapansi, naima pakhota pomwe miyala inachuluka. Sanayang'ane mkwatibwi. Anayang'ana magudumu mpaka galimoto inafika pansi.

Ukwati utatha Benedicto anapita kwa Nasser ndi awiri mwa magudumu onyezimira aja, namupempha kuti awotcherere chitsulo choti alowepo, apangire ngolo. Masiku ano amene amapita kumsika wa ku Lobi amaidziwa ngolo ya Benedicto ikadali patali. Anthu anaseka ndithu, ena mpaka kuijambula pafoni. A Damiano akafuna kutengera kabichi wawo kumsika sabwerekanso kwina. Amakwera ngolo imeneyo, n'kukhala kutsogolo pambali pa akamwini awo.